Makala, Madzi ndi Mphika wa Nyemba

Nkhani iri m'munsiyi inakambidwa kwa amai a m'makomboni a mu Lusaka. Yaikidwa pa tsamba la alimi cifukwa midzi yambiri iri ndi mwana kapena mlongo amene ali kuphika ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere, ndiponso cifukwa nyemba, mtedza, cimanga ndi makala zimene zifika pa mbaula za kumeneko zicokera m'manja mwa alimi omwewo.

Mkazi amene anakulira kumudzi, ku Katete kapena ku Chadiza, anaphunzira kuphika pa mafua atatu. Nkhuni anali kutola yekha kuchire, madzi anali kutunga kudambo, ufa unali kucokera m'nkhokwe ya atate wace, ndipo ndiwo anali kungothyola kuseri kwa nyumba. Pa zonsezi anali kulipira ndi thukuta lace lokha. Tsiku limene mkazi yemweyo atsika basi mu Lusaka ndi kukalowa m'cipinda ca lendi ku George kapena ku Kalingalinga, apeza kuti ciri conse cimene afuna kuika pa moto ciri ca ndalama, ndipo moto womwewo uli wa ndalama. Makala agula, madzi agula pa cigubu, ufa agula, ngakhale nkhwani umene kwao unali kungoyanga m'mizere ya cimanga augula pa kamtolo. Amai amene asonkhana pano safunika kuwaphunzitsa kuphika, pakuti amai ao anawaphunzitsa bwino ndithu. Bvuto lao liri lakuti maphikidwe amene anaphunzira ndi a kumalo kumene moto ndi madzi zinali zaulere.

Makomboni ambiri a mu Lusaka anamangidwa mipopi isanafike. Lusaka anasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935, koma nyumba zimene zinamangidwira anthu anchito zinali zowerengeka. Matero anamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, koma George, Chawama, Kalingalinga ndi mbali zambiri za Kanyama zinakula ndi anthu odzimangira okha, makamaka ufulu utabwera mu 1964, ndipo Boma linayamba kubvomereza malo otere ndi lamulo la 1974. Ici ndico cifukwa cace nyumba zambiri ziribe khichini ndipo ziribe mpopi m'kati. Mai aphikira pa khonde kukacita dzuwa, ndipo mvula ikagwa alowetsa mbaula m'cipinda cimene ana agonamo.

MAKALA NDI NYEMBA

M'caka ca 2024 mvula inakana. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba, amene apukusa makina a magetsi, anatsika kwambiri, kotero kuti m'mwezi wa September nyumba zambiri zinali kukhala maora 21 pa tsiku popanda magetsi. Amai amene anali atazolowera sitovu anakatenganso mbaula zao kumene anazitaya, ndipo mtengo wa makala unakwera. Makalawo acokera kuchire la ku Chongwe, ku Rufunsa, ku Mumbwa ndi kwina, pa njinga ndi pa malole, ndipo thumba liri lonse ndi mitengo imene mlimi sadzaionanso m'mbali mwa munda wace. Tsono mai amene acepetsa makala athandiza thumba la mwamuna wace, athandizanso mlongo wace wa kumudzi.

Palibe ndiwo imene idya makala koposa nyemba. Mai atenga kabulangeti kapena nyemba za Solwezi zimene anagula ku Soweto, azitsuka, aziteleka zouma dzuwa litakwera pang'ono, ndipo aonjezera makala kawiri kapena katatu. Ana abwera ku sukulu nyembazo zikali gwa. Kawirikawiri mai anena wogulitsa kuti anamnyenga, ndipo nthawi zina anena zoona, cifukwa nyemba zimene zagonera caka m'nkhokwe yotentha ndi yacinyezi ziuma mtima ndipo sizifewa msanga. Koma ciripo cifukwa cina cimene ambiri sacidziwa, ndico madzi a mu Lusaka. Mzindawu wakhala pa mwala wa laimu, ndipo madzi a m'zitsime ndi m'mijigo asungunula laimu ameneyo. Ali yense amene anasuzumira m'ketulo yace anaona zoyera zokakamira m'kati ngati njereza. Laimu yemweyo alimbitsa khungu la nyemba. Kuonjezera apo, Lusaka ali pamwamba, mamita ngati 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo pamalo okwera cotere madzi awira asanatenthe kwenikweni, pa madigiri 96 m'malo mwa 100. Kusiyanaku nkwakung'ono, komabe kutalikitsa nthawi imene mphika ukhala pa moto.

Mankhwala oyamba ndiwo kubviika. Nyemba zisankhidwe madzulo pa licero, zitsukidwe, ndipo zigone m'madzi usiku wonse, madziwo akhale ambiri cifukwa nyemba zitupa. M'mawa madzi aja atayidwe ndi kuthira ena. Amai ena akana zimenezi, ati nyemba zobviika sizikoma ndipo msuzi wace sukhala wolemera. Kunena zoona msuzi upepukako pang'ono, koma mai akatapako cipande cimodzi ca nyemba zopsya, nazitswa ndi mthiko ndi kuzibwezera mumphika, msuzi ubwerera m'malo mwace. Ndipo madzi otayidwa aja apita ndi zina zimene zidzaza mpweya m'mimba. M'mwezi wa October, kukatentha, nyemba zisakhale m'madzi kupitirira usiku umodzi, cifukwa ziyamba kusasa.

Za mcere anthu atsutsana kwambiri. Ambiri anamva kwa agogo ao kuti mcere wothira poyamba uumitsa nyemba. Siziri conco ai. Mcere pang'ono m'madzi obviikira uthandiza khungu kufewa, makamaka kumene madzi ali ndi laimu. Cimene ciumitsa nyemba ndi zowawasa, makamaka matimati. Mai amene athira matimati nyemba zisanafewe adzadikira kufikira madzulo. Matimati ndi anyezi akazingidwe padera ndi kuthiridwa nyemba zitapsya kale. Soda afewetsa ndithu, koma akhale wongotsina ndi zala ziwiri pa mphika wonse. Soda wambiri aononga zina za mavitamini a m'nyemba, ndipo ndiwo zimveka ngati sopo.

Tsono pali cinthu cimene ciposa zonsezi pa kusunga makala, ndico dengu lophikira popanda moto. Nzeru yace njapafupi. Mphika umene wawira uli ndi kutentha kokwanira kutsiriza kuphika, koma kutenthako kuthawira mumpweya. Kukatsekerezedwa, cakudya cipitiriza kupsya cokha. Mai atenge dengu lalikulu, kapena katoni yolimba, kapena beseni lakale, ayalemo bulangete lotha, nsanza, manyuzipepala okwinya, udzu wouma kapena utuci wa m'thumba, ndi kusiya dzenje pakati lokwana mphika wace. Asokenso kamtsamiro kokhuthala kobvundikira pamwamba. Nyemba zobviika ziwire kolimba pa mbaula kwa mphindi 20. Kuwira kumeneku kusafupikitsidwe, cifukwa nyemba zaziwisi, makamaka zofiira, ziri ndi poizoni amene atsegula m'mimba ndi kusanzitsa, ndipo aphedwa ndi kuwira kolimba kosacepera mphindi 10. Pamenepo mphika ucotsedwe uli cibwatire, wobvundikira bwino, ulowe m'dengu msanga, ndi kamtsamiro pamwamba. Pakapita maora 3 kapena 4 nyemba zafewa, ndipo makala amene apsya ndi a mphindi 20 zokha.

Pamene amai ambiri alakwa ndi pa kusuzumira. Mtima sukhazikika, mai atsegula kuti aone ngati zinthu ziri kuyenda, ndipo kutentha konse kuthawa. Dengu likatsekedwa lisakhudzidwe. Mphika ukhale wodzala bwino, cifukwa kamphika ka ndiwo zocepa kazizira msanga. Mpunga ufuna kuwira mphindi 5 ndi kukhala m'dengu ngati theka la ora kapena kupitirirapo pang'ono. Cimanga cokonola ndi nyama yolimba zicitanso bwino momwemo. Mai wogulitsa pa msika angathe kusiya nyemba m'dengu m'mawa osaopa kuti zipserera kapena kuti mwana agwera pa moto. Koma akabwera madzulo, mphika utakhala maora oposa 5 ndipo wangotsala wofunda, auike pa moto uwirenso asanapakule, cifukwa cakudya cofunda pang'ono ndico cimene tizirombo ta matenda ticikonda.

Mbaula yeniyeniyo irinso ndi njira zace. Ya zibowo mbali zonse, ikaikidwa pa mphepo, itentha mphepo m'malo motentha mphika. Njerwa zitatu kapena cidutswa ca lata cochinga kumene kucokera mphepo cisintha zinthu kwambiri. Mbaula zomatidwa dothi m'kati zisunga kutentha ndipo zidya makala ocepa, ngakhale mtengo wace wogulira uli wokwererapo. Mphika wosabvundikira utaya moto pacabe. Zophika zonse, masamba osadza, matimati odula, madzi ndi ufa, zikhale pafupi moto usanakolezedwe, pakuti makala sadikira munthu amene wapita kukapempha mcere kwa mnzace. Kuphika kukatha, makala otsala apanidwe ndi kuikidwa m'citini ca cibvundikiro cothina. Azima okha cifukwa ca kusowa mpweya, ndipo mawa ayaka msanga koposa atsopano. Kukoleza moto ndi mapepala a pulasitiki kuyenera kulekeka, cifukwa utsi wace uli woipa m'cifuwa ndipo ulowa m'cakudya.

Cinthu cimodzi ciyenera kunenedwa mosabisa. Caka ndi caka, m'miyezi ya cisanu ya June ndi July, anthu apezeka atafa m'nyumba zao ali cigonere, mbaula iri pambali. Makala oyaka atulutsa mpweya umene madokotala aucha carbon monoxide. Mpweyawu ulibe pfungo, ulibe mtundu, ndipo sutsokomoletsa. Amai ambiri aganiza kuti makala akaleka kufuka utsi ndi kusanduka ofiira ndiye kuti coopsya catha, koma makala ofiira omwewo apitiriza kuutulutsa. Munthu ayamba kumva mutu, cizungulire, mseru ndi kulefuka, ndipo aganiza kuti ndi malungo, nagona. Mbaula isagone m'nyumba, ngakhale kuzizire cotani. Mvula ikakakamiza kuphikira m'kati, citseko ndi zenera zikhale zotsegula, ndipo kuphika kukatha mbaula ituluke. Anthu awiri kapena atatu m'nyumba imodzi akamva mutu nthawi imodzi, atuluke panja pomwepo, ndipo wolefuka anyamulidwe kupita ku cipatala. Ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chawama zipatala ziripo pafupi.

MADZI A M'CIGUBU

Mwala uja wa laimu umene uumitsa nyemba uli ndi coipa cina coposa. Uli ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo ku Kanyama ndi malo ena a kumadzulo ndi kumwera kwa mzinda madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Cimbudzi cokumba ndi citsime cosaya, ngakhale ziri pa mapuloti awiri osiyana, pansi pa nthaka zimwerana madzi. Mvula ikaculuka zimbudzi zisefukira m'njira. Madzi a m'citsime cotere angathe kuoneka oyera mbee, koma kuyera kwa m'maso sikutanthauza kanthu.

Amai a m'makomboni safunika kuwakumbutsa za kolera. Matendawa anabuka mu October 2017 ndi kupitirira mu 2018, pamene Boma linaletsa malonda a m'misewu ndipo ku Kanyama anthu analetsedwa kuyenda usiku. Anabukanso mu October 2023, ndipo ulendo umenewo anadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 700. Bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 February 2024. Kolera alowera pakamwa, ndi madzi kapena cakudya, ndipo cifukwa cace khomo lace lalikulu liri pamene mai aphikira.

Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini. Amai ayankha kuti kuwiritsa kufuna makala, ndipo ayankha zoona. Koma nsima ikaphulidwa, pa mbaula patsala moto umene kawirikawiri ungotha wokha anthu ali kudya. Mphika wa madzi utelekedwe pamenepo, wobvundikira, ndipo ukabwata kolimba kwa mphindi imodzi yathunthu wakwana. Klorini wa m'mabotolo ang'ono, wolembedwa Clorin, anayamba kugulitsidwa m'dziko muno m'caka ca 1998. Muyeso wace walembedwa pa botolo, ndipo atathira munthu adikire mphindi 30 asanamwe. Madzi amatope ayambe adikha ndi kusefedwa pa nsaru yoyera, cifukwa klorini sagwira bwino nchito m'matope.

Komabe madzi ambiri aipira m'nyumba momwe. Mai atunga pa mpopi wabwino, awiritsa, nathira m'ndowa yapakamwa papakuru. Mwana abwera kosewera, atenga kapu imene inali pansi, naibviika m'ndowamo pamodzi ndi zala zace, ndipo nchito yonse ija yapita pacabe. Cigubu ca pakamwa papang'ono, ca cotsekera cace, ndico cabwino, cifukwa madzi atuluka mothira ndipo dzanja silingalowemo. Cigubuco citsukidwe m'kati kawirikawiri, cisasiyidwe kufikira cimere ndere.

Ulinso mwambo umene uli wobvuta kuukhudza, ndiwo wa kusamba m'manja m'mbale imodzi. Mbale iyamba kwa abambo, ipita kwa alendo ndi kwa akuru, ndipo ifika kwa mwana wamng'ono pomarizira, madzi atada. Mwana amene thupi lace liri losalimba ndiye asamba litsiro la nyumba yonse. Ulemu sucepa ngati mwana wamkazi agwada ndi jagi ndi kuthirira ali yense madzi pamanja, mbale iri pansi yolandira, sopo ali pambali. Dongosolo la akuru ndi ang'ono likhala lomwelo, koma ali yense alandira madzi ace.

Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, asadikire kuti kuce. Ayambe kumwa madzi a mcere ndi shuga a m'mapaketi a ku cipatala. Ngati paketi palibe, mai asungunule masupuni ang'ono 6 a shuga, odzala koma osaunjika, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere m'lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo wodwala azimwa pang'ono pang'ono ali pa njira ya ku cipatala.

Za mkute, umene ena mu Lusaka aucha cimbala, palibe angauze mai wa ana asanu kuti autaye. Koma ugone wobvundikira kuti nchenche, mphemvu ndi makoswe zisaufike, ndipo m'mawa utenthedwe kufikira utsi wace utuluke pakati penipeni, kapena uphwanyidwe m'madzi ndi kuwiritsa ngati phala. Ndiwo zogona ziwirenso ndithu, kungozifunditsa sikukwanira. Amene ali ndi firiji akumbukire kuti magetsi akazima zinthu zikhala zozizira kwa maora ngati 4 okha, ndiponso ngati citseko sicitsegulidwa. Nyama ndi nsomba zimene zasungunuka ziphikidwe tsiku lomwelo. M'nyengo imene magetsi ali osadalirika, kugula nyama ya mlungu wonse ndi kutaya ndalama.

UFA NDI MTEDZA

Amai ambiri akonda ufa wa bulekifasi cifukwa uyera ndipo alendo sanena kanthu. Koma kuyera kwace kwabwera cifukwa gaga ndi mtima wa cimanga zacotsedwa, ndipo m'menemo ndimo munali mafuta ndi mavitamini. Ufa wa rola uli wochipa ndipo umanga thupi koposa, mgaiwa uposa onse awiri. Coipa ca mgaiwa ndi cakuti, cifukwa ca mafuta omwewo, sukhalitsa, ndipo pakapita milungu yocepa uyamba pfungo ndi kuwawa. Tsono kugayitsa wocepa kawirikawiri kuposa kugayitsa wa miyezi itatu. Thumba la ufa lisakhale pa simenti kapena kutsamira cipupa, makamaka m'dzinja pamene nyumba za ku Kanyama zinyowa kucokera pansi. Likhale pa thabwa kapena pa njerwa, kapena ufawo ukhale m'ndowa youma yotseka. Anankafumbwe ndi timphutsi tikaoneka, ufa usefedwe ndi kuyanikidwa pa dzuwa, ndipo ndowa itsukidwe ndi kuuma isanalandire ufa watsopano.

Anankafumbwe anyansa koma sapha munthu. Coopsya ceniceni ndi cuku. Cimanga ndi mtedza zimene zinakololedwa kapena kusungidwa zisanaumitsitse zimera cuku, ndipo mitundu ina ya cuku itulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. M'mwezi wa August 2024 Nduna ya za Umoyo, a Elijah Muchima, inauza mtundu kuti agaru pafupifupi 400 anafa atadya cakudya copangidwa ndi cimanga cokhala ndi poizoni ameneyu, ndi kuti anapezekanso m'ufa wa zigayo zina. Poizoniyu aononga ciwindi, angathe kuyambitsa khansa ya m'ciwindi, ndipo apinimbiritsa ana. Cimene amai ayenera kudziwa ndi cakuti kuphika sikumupha. Ufa wa zibuma, wa pfungo la cinyezi, kapena wosintha mtundu, suyeretsedwa ndi moto.

Pa mtedza mpamene pali msampha. Wogulitsa asankha mtedza wabwino kuti augulitse wathunthu, ndipo wofota, wosweka ndi wakuda ndiwo kawirikawiri usinjidwa kukhala nsinjiro, cifukwa ukasinjidwa palibe aona. Nsinjirozo zilowa m'phala la khanda. Mai wocenjera agula mtedza wathunthu, asankha yekha pa licero, ataya wofota ndi wowawa, nasinja yekha wokwana masiku ocepa. Wotayidwawo usapatsidwe nkhuku. Ndipo mau awa afike kwa alimi amene atumiza matumba kwa ana ao pa basi ya ku Chipata: cimanga ndi mtedza ziume bwino pa thandala kapena pa mphasa, osati pa dothi, ndipo mtedza usawazidwe madzi pofuna kuti usendeke msanga, pakuti cinyezi cimeneco ndico ciitana cuku.

TINA NDI TINA TA PA MBAULA

Nsima ya mibulu yacititsa manyazi akazi ambiri ongokwatiwa. Ibwera cifukwa ca kufulumira. Ufa woyamba ulowe madzi akali ofunda, asanawire, ndipo phala libwate lobvundikira kwa mphindi ngati 10 kufikira pfungo la ufa wauwisi litatha. Ufa wotsatira uthiridwe pang'ono pang'ono, mthiko uli kukanikizira ku mbali ya mphika. Pomariza nsima ikhale yobvundikira pa moto wocepa kanthawi isanaomoledwe. Nkhoko zisapalidwe ndi mpeni, umene uboola mapoto. Madzi agone mumphikamo ndipo m'mawa zicoka zokha. Phulusa lonyowa lomatidwa kunsi kwa mphika usanatelekedwe licititsa kuti mwaye ucoke mosabvuta. Zoyera za m'ketulo zisungunuka ngati madzi a mandimu kapena viniga awiritsidwamo ndi kusiyidwa usiku.

Kapenta, kaya wa ku Mpulungu kaya wa ku Siavonga, ndi mtundu wa ku nyanja ya Tanganyika, ndipo ku Kariba anacita kutengeredwa m'zaka za 1967 ndi 1968. Dandaulo la amai pa iye ndi mcenga ndi kuwawa. Apetedwe pa licero, atsukidwe msanga m'madzi ofunda kawiri, ndipo acotsedwe m'madzimo ndi manja kuti mcenga utsale pansi pa mbale. Kumbviika nthawi yaitali kucotsa kukoma konse. Akazingidwe kufikira aume asanalandire matimati. Popeza adyedwa ndi minga yace yomwe, alimbitsa mafupa a ana, ndipo supuni imodzi ya kapenta wokazinga wosinja m'phala la mwana icita zambiri koposa zakumwa zotsekemera za pa kantemba.

Masamba, monga lepu, nkhwani, bonongwe ndi kholowa, atsukidwe ndi madzi abwino asanadulidwe, cifukwa kutsuka odula kale kutaya zofunika m'madzi, ndiponso minda ina ya m'mbali mwa mzinda ithiriridwa ndi madzi onyansa. Aphikidwe ndi madzi ocepa kwa nthawi yocepa, akali obiriwira. Cigwada cokha ndico cisiyana. Ciri ndi poizoni wace, ndipo cifuna kusinjidwa bwino ndi kuwira nthawi yaitali mphika uli wotsegula. Mcere ukapitirira, anthu ati mbatata yoponyedwa mumphika iuyamwa, koma thandizo lace nlocepa. Cimene cithandiza ndi kucurukitsa ndiwozo, kuonjezera masamba, matimati, madzi kapena nsinjiro zopanda mcere. Ndiwo zikapserera, mai asatakase. Akhuthulire za pamwamba mumphika wina ndi kusiya zakuda pansi.

Mafuta ophikira akagwira moto mumphika, madzi asathiridwe konse, cifukwa moto ulumpha ndi kutentha nkhope. Cibvundikiro ciikidwe pamwamba ndipo moto uzima. Mwana akapsya ndi phala kapena madzi otentha, pamene papsyapo pathiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, pabvundikiridwe ndi nsaru yoyera, ndipo apite naye ku cipatala. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ndi ufa zimene anthu apaka zisunga kutentha m'kati ndi kulowetsa litsiro m'bala. Parafini asasungidwe m'botolo la zakumwa. Mwana akamumwa asamsanzitse, cifukwa posanza parafini alowa m'mapapo, koma athamange naye ku cipatala.

M'miyezi ya September ndi October, pamene masamba asowa pa msika ndipo mtengo wace ukwera, nyumba imene iri ndi mfutso sibvutika. Nkhwani, khwanya ndi citambe zimene kumudzi ziculuka m'mwezi wa February ndi March kufikira kuzitaya, zikafutsidwa ndi kuumitsidwa bwino zipepuka, kotero kuti cikwatu cokwana banja milungu ingapo cikwera basi popanda kulipiritsa katundu. Masambawo aviikidwe m'madzi owira a mcere pang'ono kwa mphindi zocepa zokha, ndipo aumire pa mthunzi wopita mphepo, pamene mtundu ndi mavitamini zisungika koposa pa dzuwa lamphamvu. Ukafika ku Mtendere, mfutso usungidwe m'citini cotseka, kutali ndi cinyezi. Pophika ubviikidwe kanthawi m'madzi ofunda, madzi oyambawo atayidwe pamodzi ndi mcenga, uwire kufikira ufewe, ndipo nsinjiro zilowe pomarizira, moto utacepa, kuti zisakakamire pansi pa mphika.